Uta wa kaligo wa a Mateyu

Inu amene mukuona ngati zanu zonse zidatsikira m'manda limodzi ndi munthu wina, imvani za Levi wa ku Mauwa.

Levi adachoka ku koleji ndi kachikwama kamodzi, atauza anzake kuti abwerera maliro akatha. Sadabwererenso. Amene ankamuphunzitsa, bambo ake a Mateyu, ndi amene ankaikidwa tsiku limenelo. Achibale amene adalonjeza pasiwa kuti mwanayu ndi wathu adasowa nkhata za pamanda zisanafote.

Chaka chidatha akungokhala pakhonde, akuona pafoni anzake atavala mikanjo ya omaliza maphunziro. Koma chomwe chinkamudya kwambiri sichidali chimenecho. M'nyumba mudali zii. A Mateyu ankaimba kaligo madzulo aliwonse akaweruka kumunda, ndipo mayi ake a Levi, a Enelesi, ankavomera nyimbo ali kukhitchini. Chiikireni maliro, mayiwo ankangoyankha kuti eya kapena ayi. Levi adayamba kuiwala mawu a bambo ake, ndipo padalibe amene adawajambulapo.

Kaligo uja adali pa msomali. Nsambo yake idali bwinobwino, koma ubweya wa pa uta wokhwekhwesera udadyedwa ndi njenjete. Mwezi wa Ogasiti kunkayembekezeka mwambo wovundukula chiliza. Levi adatsimikiza mumtima kuti kaligo ameneyu akalira pamanda paja, mwina mayi ake angayankhulenso.

Adamva kuti uta wabwino umamangidwa ndi ubweya wa kumchira wa kavalo, koma akavalo kulibe kwawoko, choncho adapalasa njinga mpaka ku Boma kwa a Lawrence ogulitsa nyama kukapempha mchira wa ng'ombe.

"Achimwene a ku koleji, nyama ili uku," adatero a Lawrence. "Inu mwaloza kumchira?"

"Ubweya wokhawo, achimwene."

"Tengani. Msuzi wake ukapsa mutiitane."

Levi adasankha ubweya wautali, wosalala. Adauchapa ndi sopo, naupaka mafuta odzola kuti uwale. Atakhwekhwesa, uta udangoterereka pa nsambo, osatulutsa mawu. Wachiwiri udaduka asanamalize kumanga. Wachitatu udalira ngati chitseko cha dzimbiri. Odutsa pamsewu ankanong'onezana kuti mwana wa a Mateyu sukulu idamuzunguza mutu.

Kudatsala sabata ziwiri. Tsiku lina masana akumanga uta wachinayi, mayi ake ankasenda nandolo chapafupi. Osadzutsa nkhope, adati:

"Mchira umenewo ndi wa ng'ombe yaikazi."

Levi adaumitsa manja. Chaka chonsecho adali asadamvepo mawu ochuluka chonchi kuchokera kwa mayi ake.

"Mwadziwa bwanji, amayi?"

"Nunkhiza. Yaikazi imakodzera mchira wake, ubweya umafooka. Kapemphe wa nkhunzi. Nanga mafutawa ndi a chiyani? Utawu ukufuna ukafunsire mbeta?"

"Zimenezi mudaziphunzira kuti?"

"Bambo ako ankangodziwa kuimba," adatero a Enelesi. "Wosankha ubweya ndidali ine."

Mmawa mwake Levi adabwera ndi mchira wa nkhunzi. Mayi ake adautsuka m'madzi a phulusa, nauyanika pamthunzi. Kenako adakhala naye pamphasa n'kuyamba kusolola ubweya umodziumodzi, akuudutsitsa pakati pa milomo. Woterera ankataya. Wopindika ankataya. Wonenepa kuposa unzake ankataya. Ankasunga wokhawo umene umakanirira pang'ono pamlomo.

"Wosalala ndi wokongola m'maso basi," adatero. "Woimba ndi umene umagwira."

Pa mchira wonsewo padatsala kamtolo kosaposa chala chaching'ono. A Enelesi adakamanga pa uta, napaka utomoni wouma wa paini. Levi adafuna kuyesa pomwepo koma mayi ake adamugwira dzanja.

"Ayambe kumva ndi mwini wake."

Tsiku la chiliza, abusa atamaliza pemphero, Levi adakhala pansi n'kukhwekhwesa. Tinene zoona: sadaimbe bwino. Zala zake sizidali za a Mateyu. Koma mawu amene adatuluka adali omwe aja, okhuthala, osasa pang'ono, ngati munthu wobwera kumunda ali ndi ludzu. Atabwereza nyimboyo kachiwiri, kumbuyo kwake kudamveka wina akuvomera. Sadacheuke. Adadziwa kuti ndi ndani.

Lero Levi amamanga mauta pakhonde lomwe lija. Oimba kaligo a ku Mpama amabwera okha. Chaka chatha kwaya ina ya ku Limbe idamutumizira uta wa vayolini pamodzi ndi ubweya weniweni wa kavalo, ndipo iye adausankha pamilomo monga adaphunzirira, mayi ake akukana ubweya umodzi pa utatu uliwonse. Ku koleji sadabwererebe, ndipo akaona mikanjo ija pafoni mtima umamupwetekabe. Bambo ake sadzamva uta ngakhale umodzi mwa amene wamanga. Koma madzulo m'nyumba muja mumamveka nyimbo, ndi wovomera ali kukhitchini.

Inu amene mwayesa katatu n'kulephera, mangani wachinayi. Mangirani poyera, pamene anthu a kwanu akukuonani, chifukwa mwina amene akudziwa njira wakhala chete pambali panu, akudikira kuti aone ngati mukufunadi. Mtima wanuwo musautaye.