Musamusanzitse

Kwathu ku Tsangano nkhungu imatha kukhala mpaka masana. Tsiku limenelo bambo anapita kumsika atasiya botolo la mankhwala opopera mbatata ya kachewere kuseri kwa nkhokwe. Ndinali Sitandade 5. Ndikutsuka mbale, mlongo wanga Yohane, wa zaka zitatu, anatulukira akutsokomola, malaya atanyowa, akununkha ngati palafini.

Mayi atamununkhiza kukamwa anazindikira kuti wamwako mankhwala aja. Azakhali anathamangira kwawo n'kubwera ndi kapu ya mkaka, chala atachikonzekeretsa kuti amupise kukhosi. Pabotolo panali Chipwitikizi chokhachokha, poti bambo anakaligula kutsidya kwa malire.

Ndinakumbukira kapepala konena za mankhwala opopera komwe alangizi a zaulimi anatisiyira, bambo n'kukasomeka kudenga osakawerenga. Ndinakwera pampando. Kanali bii ndi mwaye, ngodya imodzi itadyedwa ndi mphemvu. Koma mawu oyamba anali akuluakulu, paokha: MUSAMUSANZITSE. MUSAMUPATSE MKAKA.

"Zakhali, akuti ayi," ndinatero.

"Akutero ndani? Iwe wabadwa liti?"

Yohane anali atayamba kuchucha dovu. Mayi anayang'ana azakhali, anayang'ana ine, kenako anabweza kapu ija ndi dzanja. "Werenga zonse, mwanawe. Usadumphe."

Ndinawerenga mokweza. Muvuleni zovala. Musambitseni ndi sopo ndi madzi ambiri. Pitani naye kuchipatala msanga, mutengenso botolo. Mzere uliwonse unali ndi ntchito imodzi, ndipo panalibe liwu lomwe sindinkalidziwa. Mayi ankachita ndisanatseke pakamwa. Aneba anawakweza panjinga, Yohane ali kumsana, mutu uli lende. Ine ndinkathamanga pambuyo m'matope, botolo ndili nalo m'jumbo.

Anamwino anayamba alandira botolo, n'kuliwerenga, kenako anatitsekera kunja. Tinadikira pabenchi mpaka anatuluka n'kunena kuti mwana akupuma bwino. Yohane anagona m'chipatala masiku anayi. Mkaka uja, ndinamva pambuyo pake, azakhali anamwa okha.

Masiku ano wina akagwira njakata amangotulutsa foni. Ine ntchito yanga ndi yolemba malangizo ngati amenewo, a mankhwala ndi a zipangizo zaulimi. Anzanga amandiseka kuti chiganizo chimodzi chimandithera tsiku. Ndimachipereka kaye kwa mwana wa pulayimale kuti awerenge mokweza, ndipo liwu lomwe wapunthwa nalo ndimalifufuta. Amene analemba kapepala ka alangizi sindinamudziwe, sanaikepo dzina. Yohane pano ali ndi ana awiri.