Botolo la Yusufu

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene bambo anga anawasamutsira ku sukulu ina ya m'mbali mwa nyanja ku Salima. Ine mwana wa aphunzitsi, wochokera kumapiri a ku Dedza, ndinkasekedwa chifukwa mkodzo wanga unali woyera. Kwa anyamata a kumeneko, kukodza magazi ndiye kunali kukula. Amene sankandiseka anali Yusufu yekha, mwana wa msodzi, yemwe anandiphunzitsa kusambira.

Tsiku lina kunabwera amayi awiri ofufuza za m'nyanja, atanyamula beseni la nkhono zonunkha matope. Anatiuza kuti nsomba zimene zinkadya nkhonozo zikutha ndi makoka, choncho nkhono zachuluka, ndipo m'kati mwake mumakulira tizilombo tolowa pakhungu munthu akamasamba. Magazi aja, anatero, si uchamuna ayi, ndi likodzo. Ine ndinamvetsa bwino kuposa aliyense, mpaka anandiombera m'manja nditayankha mafunso onse.

M'mawa mwake anabwera ndi azaumoyo, n'kutigawira timabotolo tolembedwa mayina toti tithiremo mkodzo. Anati wopezeka ndi matenda alandira mapiritsi, makolo ake auzidwa. Tili kuseri kwa chimbudzi, Yusufu anandigwira mkono.

"Aise, ndithirireko m'langamu. Ababa akuti akatsegula usodzi pa chilumba cha Mbenji anditenga. Akamva kuti ndikudwala, wallahi andisiya."

"Koma amayi aja akuti zimawononga m'mimba."

"Amuna onse kwathu anakodzapo magazi, wafa ndani? Kapena nawenso wayamba kundinyada?"

Mawu omalizawo ndi amene anandigonjetsa. Ndinadzaza mabotolo awiri. Ndimakumbukirabe kufunda kwa botolo lake m'dzanja langa, komanso mmene tinasekera pobwerera m'kalasi, ngati tachenjera kwambiri. Anyamata ambiri anaitanidwa kukamwa mapiritsi, koma dzina la Yusufu silinatchulidwe. Ku Mbenji anapitadi, ndipo sukulu anaisiyira pomwepo.

Ife tinasamukanso, zaka n'kudutsa. Nditakula ndinabwerera ku Salima ngati mphunzitsi, ndipo nditafunsa za iye anandilozera kuchipatala. Ndinamupeza atatheratu, kapaipi ka mkodzo kakulendewera pansi pa bedi. Mkazi wake anandiuza kuti adokotala ati likodzo linakhalitsa, chikhodzodzo chinawonongeka kalekale. Ndinayamba kupepesa, koma iye anapukusa mutu.

"Usadzivute, aise. Ndi mmene Allah analembera."

Sanathe miyezi iwiri. Chikhululuko chakecho chinandilemera kuposa akanandilalatira.

Ndayesapo kudzitonthoza kuti tinali ana, kuti ngakhale akanamwa mapiritsiwo akanabwereranso m'madzi omwewo. Mwina ndi zoona. Koma mtima wanga suvomera, chifukwa Yusufu sankakhulupirira zimene amayi aja ananena, pamene ine ndinkazikhulupirira. Ndinadziwa chimene chinali m'thupi mwake, komabe ndinaopa kutaya mnzanga mmodzi yekhayo kuposa mmene ndinaopera matenda ake. Tsopano ndikudziwa kuti kukhoza mafunso m'kalasi n'kosavuta, chovuta n'kukaniza munthu amene umamukonda.

Masiku ano azaumoyo akabwera ndi timabotolo tawo, ndimaima ndekha pakhomo la chimbudzi, ana n'kumalowa mmodzimmodzi. Amati ndine mphunzitsi wovuta, ndipo sindinawauzepo chifukwa chake.