Nkhondo ya abambo ndi anyani

Chaka chomwe ndinayamba kuphunzitsa mbiri ku sekondale, ndinalakwitsa chinthu chimodzi: ndinawafotokozera abambo anga phunziro limene ndinkakonza. Linali la nkhondo ya Amerika ku Vietnam. Ndinawauza kuti pulezidenti wa Amerika, poopa kuti chikomyunizimu chifalikira, anayamba ndi kutumiza alangizi ochepa. Zitavuta, amene anamulowa m'malo anatumiza asilikali, kenako ena, kenako enanso, mpaka kubwerera kunasanduka manyazi.

Abambo anamvetsera mpaka kumapeto, n'kugwedeza mutu.

"Analakwa kuyamba ndi ochepa, aphunzitsi," anatero. Ankanditchula choncho akafuna kundinyogodola.

Tinali ndi minda iwiri. Waukulu unali kuchigwa, ndipo ndi umene unkatidyetsa. Wina unali kamunda ka m'mphepete mwa phiri la Mulanje, kamiyala yokhayokha, komwe anyani ankakolola tisanakolole. Chaka chimenecho abambo analumbira kuti nyani salawako. Amati kamundako kakagwa, anyani atsikira kumunda wa alamu awo, kenako mudzi wonse.

Anayamba ndi galu. Galuyo anabwera tsiku lachitatu khutu lili lende, ndipo kuyambira pamenepo akangoona phiri ankalowa pansi pa nkhokwe. Abambo anamanga msasa n'kumakhala komweko ndi legeni. Kenako anaitana amalume awiri. Anyani anangophunzira nthawi ya chakudya chamasana.

Kwathu aliyense amadziwa kuti nyani saopa munthu wamkazi. Choncho amalume atatopa n'kuthawa, abambo anatulutsa mabuluku awo akale, n'kuveka amayi ndi azakhali, zipewa kumutu. Ndinawaona Loweruka lina akukwera phiri, amayi atamanga buluku ndi luzi, akuyenda ngati awaba miyendo. Ndinaseka mpaka misozi, koma mumtima ndinkaopa, chifukwa inali nthawi yobandira ndipo kuchigwa kunalibe wogwira khasu.

Chinyani chachikulu chinawayang'ana amayi kuyambira kuchipewa mpaka kumapazi. Amayi anatola mwala n'kuponya. Chitangoona kaponyedweko, chinakhala pansi, n'kuthyola chimanga, n'kuyamba kusenda pamaso pawo.

"Abambo inu, ngakhale nyani wandizindikira," anatero amayi. "Kumunsi udzu wafika m'chiuno. Tidya chiyani?"

"Tikachoka pano, anthu anena chiyani?"

Anakhalanso milungu itatu. Pamene ankatsika, chimanga cha kuchigwa chinali chachikasu, chowonda, kaufiti ali waa. Kuphiri anakololako dengu limodzi losadzaza.

Madzulo ena abambo anandipeza ndikuchonga makope pakhonde. Anakhala pambali panga.

"Aja a ku Amerika, anachokako bwanji?"

"Anakwera ndege, abambo, n'kusiya zonse."

"Anavomera kuti agonja?"

"Sanafulumire kutero."

Lamulungu lotsatira ndinawamva kunja kwa tchalitchi akuuza anzawo kuti kamunda ka kuphiri akagoneka kaye kuti nthaka ipume. Anzawowo anavomereza mwaulemu, ngakhale onse anali atawaona amayi atavala buluku.

Chimanga chinatha mu Okutobala. Kuyambira pamenepo tinkadya kalongonda, nyemba zija za nthawi ya njala, amayi akumuphika tsiku lonse n'kumataya madzi kuti asatiledzeretse. Ankawapatsa abambo mbale yoyamba, yodzaza kuposa zathu. Abambo ankadya atayang'ana pansi, ndipo sanapemphepo yowonjezera.