Bokosi Limene Ndinachonga pa Dzina la Achimwene

Ndinaganiza zochoka kwathu tsiku limene kalata ya ku Markham, ku Canada, inafika. Bungwe lina la kumeneko, lothandiza makampani ongoyamba kumene, linali litakonda kachipangizo kathu. Ndi kakang'ono ngati bokosi la machesi. Umakaika m'filiji ya mankhwala, filijiyo ikayamba kutentha kamakutumizira uthenga pafoni. Koyambirira tinakalumikiza ndi achimwene anga, a Lakisoni, m'kashedi kawo kokonzera mafiliji ku Limbe. Iwowa ndi amene anandilera bambo atamwalira, mpaka ndinamaliza sukulu ya zamakompyuta.

Loya wathu anatifotokozera pafoni kuti Canada ili ndi viza ya anthu oyambitsa makampani, ndipo mapeto ake ndi chilolezo chokhala m'dzikomo mpaka kalekale. Tinalipo atatu: ine, achimwene, ndi Tisa, mayi wa ku Chipata amene anali kale ku Toronto ndi ana ake awiri, wodziwa kutsatsa malonda. Pafomu panali bokosi loti tichonge munthu amene kampani singayende popanda iye. Wochongedwayo akakanidwa, kapena akasiyira panjira, gulu lonse lagwa.

"Muchonge dzina lanu lokha, Esinati," anatero loyayo. "Mukachonga wina, mwadzimangirira kwa iyeyo."

Ndinamva bwinobwino, ndisaname. Koma inu, ndilembe ndi dzanja langali kuti ntchito ingayende popanda achimwene? Fomuyo n'kuwapatsira kuti awerenge, asaine? Ayi ndithu. Ndinachonga maina awiri, langa ndi lawo. Tisa ataona anangoti, "Ni abale banu, muziba ndimwe."

Ine ndinatsogola ndi chilolezo chogwirira ntchito podikira yankho. Achimwene anati adzabwera mapepala akadzapsa, kashedi sikangatsekedwe chifukwa cha lonjezo. Ndinapeza chipinda chapansi pa nyumba ya eni ake ku North York, dera lina la Toronto, zenera lake loonetsa matayala a galimoto basi. M'mawa sitima, kenako basi ya ku Markham, chisanu chikuluma makutu ngati ndinachilakwira. Ndinkasowa wolankhula naye, mpaka tsiku lina ndinadzipeza ndikupereka moni wa Chichewa kwa filiji ya mu ofesi. Koma kwathu ndinkatumiza zithunzi zimene ndinajambulitsa ku Oakville, nditaima pamageti a nyumba za anthu olemera. Mwezi ukavuta ndinkadya buledi ndi tiyi, koma kangachepe ka kumudzi kankapita ndithu, kuti asadziwe.

Zaka zitatu zinadutsa. Tsiku lililonse ndisanatsuke m'kamwa ndinkatsegula foni kuona ngati pempho lathu lasuntha. Silinkasuntha. Mtima wanga unazolowera kugunda ndikangomva kulira kwa imelo, ngakhale yotsatsa nsapato. Achimwene nawo anasiya kuyankha foni ya vidiyo. Ankati netiweki ya kwawo ku Bangwe yafika poipa, ndiye ankangotumiza mawu, aafupi: "Tili bwino, Esi. Limbikira."

Kenako kalata inabwera: tonse atatu tikapimidwe kwa dokotala wovomerezeka pasanathe masiku makumi atatu. Ndinavina ndekha m'kachipinda kaja. Ine ndi Tisa ndi ana tinapimitsa sabata yomweyo. Achimwene ndinawatumizira kalata yawo, anayankha kuti, "Ndamva." Sabata inatha. Yachiwiri inatha. Ndikaimba, ankayankha ndi alamu, akazi awo, kuti achoka kumene.

"Mwachekinga? Bakalibe kuyenda kwa dokotala?" Tisa ankandifunsa m'mawa uliwonse, maso ali psuu. "Esinati, bana banga sibaziba dziko ina. Ukaniponya, nizabauza chani?"

Ndinafunsa loya ngati tingafufute chongi chija. Ananena kuti pamene zafikapa n'zovuta kwambiri, ndiponso khomo loyambiranso silili lotsegula ngati kale. Kutatsala masiku asanu ndi anayi ndinagula tikiti, osauza munthu kwathu. M'ndege monse ndinkakonza mawu. Ndinkati ndikawauze kuti nkhwidzi zawakulira, kuti sakufuna mlongo wawo awapose. Ndinali nditapsa mtima.

Kuchoka pa Chileka ndinadzera ku Limbe. Kashedi kanali kotseka, loko wake wachita dzimbiri. Ku Bangwe ndinapeza alamu akusesa pakhonde. Atandiona tsache linagwa. "Mayo ine! Alamu, bwanji osanena?"

Achimwene anali pabalaza, miyendo ili pampando, yotupa ngati mitondo. Nkhope inali itada, pakhosi atamata bandeji. Munthu amene ankanyamula filiji ndi mnzake mmodzi yekha analephera kudzuka kuti andipatse moni. Impso. Kwa chaka ndi miyezi ankapita kuchipatala kawiri pa sabata kukasefedwa magazi pamakina. Azakhali ankadziwa. Akumpingo ankadziwa. Msuweni wanga amene tinkatumizirana nthabwala tsiku ndi tsiku ankadziwa, ndipo ndi amene ankawaperekeza.

"Nonsenu?" ndinafunsa. "Chaka chonse?"

"Wapaulendo sauzidwa matenda," anatero alamu, maso ali pansi. "Mukanatani muli kutaliko? Mukanangodwala nanu."

Mawu onse a m'ndege aja anandithawa. Ndinagwada pafupi ndi mpando wawo, n'kufunsa chapansipansi za kalata ija.

"Ndinafufuza, Esi," anatero achimwene. "Matenda ngati awa kumeneko amawaona ngati katundu. Ndikapita kwa dokotala wawoyo, ndakugwetsa. Ndikapanda kupita, ndakugwetsanso. Ndiye ndinati bola masiku otsalawa ukhale usakudziwa."

"Loya anandiletsa kukuchongani," ndinatero. Aka kanali koyamba kunena zimenezi. "Ndinaopa kuti muona ngati ndakunyozani."

Anaseka pang'ono, kuseka kwake n'kuthera m'chifuwa. "Ndinawerengatu fomu ija. Ndinadziwa kuti kachipangizo kaja kanandipitirira kalekale, ine zanga ndi gasi ndi mawaya. Ndinafuna kukuuza kuti undichotse, koma ndinakondwa, Esi. Ndinakaonetsa anzanga ku Limbe kuti taonani, azungu akuti popanda ine palibe kampani." Anapukuta m'maso ndi chikhatho. "Ukanandisiya ndikanakwiya, inde. Sabata imodzi. Mwina ziwiri."

Ndinalira mokweza ngati pamaliro, mpaka alamu anatseka chitseko kuopa aneba. Sindikudziwa kuti ndinkalirira chiyani kwenikweni, miyendo ija kapena zaka zitatu zija. Ndinawauzanso za chipinda chapansi, za buledi ndi tiyi, kuti mageti a pazithunzi aja sindinalowemo ngakhale limodzi. Alamu anati ankakayikira, chifukwa jekete linali lomwelomwelo chaka ndi chaka. Kwathu timakondana mobisirana. Aliyense amasenza chake mwakachetechete kuti mnzake asalemedwe, ndipo tonse tinkayesa kuti tikuchitirana ulemu.

Chakumadzulo foni inalira. Ku Toronto kunali m'mawa, nthawi imene Tisa amakhala atangosiya ana kusukulu. Uthenga wake unali waufupi: "Wabapeza? Bazayenda liti?"

Ndinatuluka kuseri kwa nyumba, pafupi ndi mulu wa mafiliji akufa amene anawasamutsa kuchokera ku Limbe. Chala changa chinayamba chokha kulemba kuti zonse zili bwino, tikonza mawa. Ndinawayang'ana mawuwo nthawi yaitali. Ndinali ndi masiku asanu ndi awiri oti ndimubisire, ndipo aliyense m'nyumba muja akanati ndachita bwino.

Ndinafufuta, n'kuimba. Anayankha isanalire kawiri.

"Tisa," ndinatero, "uli pamsewu? Imika kaye galimoto."