Nyundo ya a Yosofati

Utsi wa makala ukandilowa m'mphuno pamodzi ndi fungo la lata lopsa, ndimaona a Yosofati ali khale pa chitsa kuseri kwa nyumba yawo, ndowa ili pakati pa miyendo, mbatata zikupsa m'phulusa, nyundo ikulira mpaka nkhuku kuthawira m'chigafa cha fodya. Tinayandikana nyumba kumudzi kwathu, kufupi ndi Nachisaka. Ankakhoma ndowa ndi mbaula n'kumakagulitsa ku Mponela pa njinga. Pa denga lawo anaimikapo kandege ka lata. Kutsogolo kwake kunali timapiko topindika, ndipo mphepo ya m'phiri ikawomba tinkazungulira mpaka osaonekanso.

Ine ndinali wachibwibwi. Ndili Sitandade 3, aphunzitsi akandiloza, yankho ndinkalidziwa koma linkakakamira pakhosi. Anzanga ankaseka. Aphunzitsi ankaloza wina. Ndinasiya kuyankhula, kenako ndinasiya sukulu. M'mawa ndinkavala yunifolomu n'kukabisala kwa a Yosofati. Mayi atazindikira anati ngati zili choncho, ndizikaweta mbuzi za amalume basi.

"Filipo, sukulu yasamukira kuno?" anandifunsa a Yosofati tsiku lina. Maso anga anali pa kandege.

"Ukuyesa kakuzungulira pachabe? Kakulimbana ndi mpweya. Mpweya ndi chinthu, iwe. Kabawi amatsamira pomwepo osagwa. Mawu nawo amadutsa momwemo, koma amayenda wapansi."

Ndinapukusa mutu.

"Ukukana? Tsetsereka, uwoloke dambo, ukwere kaphiri ako. Ukaime pa mwala waukuluwo, uzindiyang'ana."

Ndinapita. Chisoso chinandimata kabudula yense. Nditafika pa mwala ndili wefuwefu, ndinawaona ali ang'onong'ono pabwalo, atagubuduzirapo mgolo wopanda kanthu. Anakweza nyundo. Inatsika. Kunali zii. Anaikwezanso, ndipo ili m'mwamba m'pamene khutu langa linamva kuti ngo! Anamenya kambirimbiri. Nthawi zonse diso linkayamba, khutu pambuyo.

Nditabwerera anandifunsa, "Waona chiyani?"

Nsagwada zinauma. Iwo anaika nyundo pansi n'kupinda manja. Sanandithandize, sanayang'anenso kumbali. Makala ankathetheka, akazi awo ankasinja kuseri, mthunzi wa mango unkasuntha pa fumbi, ine ndikulimbana ndi liwu limodzi.

"A-a-achedwa."

"Ndani?"

"Ma-mawu."

"Koma afika?"

"Afika."

"Ndiye vuto lili pati? Mawu a chitsulo achedwa, kuli bwanji a munthu? Mawa ndisakuone kuno. Wandithera mbatata."

Mawa lake ndinapita kusukulu. Ankasekabe. Aphunzitsi akaloza wina, ine ndinkangoima chilili mpaka liwu langa litatuluka. Patapita masiku anazolowera. Ndinafika Sitandade 8. Mbuzi za amalume anaweta ena.

A Yosofati anamwalira kalekale. Sindinawathokoze bwinobwino. Akanandidikira mpaka mawu atatuluka, ndikudziwa.

Pano ndili ndi mdzukulu, Dalitso, mwana wa mwana wanga wamkazi. Nayenso ndi wachibwibwi. Sabata yatha anandipeza ndikumwa tiyi pakhonde, foni ya mayi ake ili m'manja. Anati asayansi anaulutsa kandege kopanda munthu ku dziko lina lakumwamba, lofiira, lotchedwa Mazi. Kumeneko mpweya ndi wochepa, ndiye kuti kanyamuke, mapiko ake ankazungulira mwaliwiro loposa a ndege za kuno. Mawu nawo akuti amayenda pang'onopang'ono kuposa kwathu kuno, ndipo safika patali.

Zonsezi ankandiuza yekha, ataimirira, chala chikuloza kumwamba. Atafika pa liwu loti "mpweya" anakakamira. Milomo inatsekeka, mitsempha ya m'khosi inaima. Mayi ake, ali pakhomo, anatsegula pakamwa kuti amumalizire.

"Msiye," ndinatero.

Ndinaika kapu pansi. Tiyi anazizira. Ndinamwa wozizira yemweyo, mwana atamaliza nkhani yake yonse.