Dayisi Yogwa Pansi

A Lucjan Wrzosek amayendetsa tiramu, sitima yamagetsi ya m'misewu, mumzinda wa Łódź. Sabata yonse njira yawo ndi imodzimodzi, ya njanji, yopanda popatukira. Koma Loweruka masana, m'nyumba yawo ya pamwamba pa mdadada, amayendetsa nkhani. Anzawo amazungulira tebulo la kukhitchini, aliyense ali ndi munthu wake wongopeka, ndipo a Lucjan amawauza kumene afika, zimene akuona, ndi chimene chawabisalira m'nkhalango. Wosewera amanena zimene munthu wake akufuna kuchita, n'kuponya dayisi ya mbali makumi awiri. Nambala ikakhala yaikulu, zatheka. Ikakhala wani, ndiye tsoka.

Ena oyendetsa masewerawa amaponya dayisi yawo kuseri kwa katoni kuti azitha kunama pofuna kupulumutsa mnzawo. A Lucjan sachita zimenezo. "Dayisi ndiyo imalankhula," amatero, "ine ndimangomasulira."

Anayamba ali anyamata a kusekondale. Anyamata sadziwa kuponya chinthu mofatsa, choncho madayisi ankathera pansi pa firiji, mayi a nyumbayo n'kumakalipa. Ndiye Lucjan wachinyamatayo anaika lamulo: dayisi yogwa pansi ndi wani, palibe kuponyanso. Ana amene sankamvera mphunzitsi aliyense analimvera lamuloli ngati la m'Baibulo, ndipo anakula nalo.

Tsopano imvi zinali zitamera. Mmodzi anapita kukagwira ntchito ku Ireland, wina banja linamutsekera m'nyumba. Anatsala awiri: a Mirka, amene amagulitsa mankhwala, ndi a Wiesiek, amene munthu wawo, wosula zitsulo wotchedwa Borko, anali atapulumuka nkhondo zambiri kuyambira a Wiesiek asanakwatire. A Lucjan nawo anali atatopa. Msana unkawawa ndi mpando wa tiramu, ndipo kujambula mapu a mapanga Lachisanu madzulo kunasanduka ntchito yachiwiri. Ankangodikira malo abwino oti nkhaniyo aitsekere.

M'nyengo yozizira a Wiesiek anadwala sitiroko. Atabwerera pa tebulo, chipale chofewa chitasungunuka, dzanja lawo lamanja linkanjenjemera. Anakwera masitepe onse aja akupumira m'njira, ndipo a Lucjan ankadziwa kuti kupatula kuchipatala, kumeneku n'kokhako kumene mnzawoyo ankapita.

Tsiku limenelo nkhani inafika pa mlatho wa zingwe, pamwamba pa phompho.

"Borko akuwoloka," anatero a Wiesiek. Anaponya. Dayisi inadumpha kapu ya tiyi, n'kugwera pansi.

"Ine sindinaone kanthu," anatero a Mirka, maso ali kudenga.

"Ponyanso, aise," anatero a Lucjan motsitsa mawu.

"Ati chiyani? Iweyo? Unandiphera hatchi yanga chifukwa dayisi inagunda nsapato ya Mirka, lero ukuti ponyanso? Wani ameneyo. Masulira."

A Lucjan anamasulira: thabwa linathyoka, nyundo ya Borko inapita kuphompho. A Wiesiek anaponyanso kuti Borko adzikokere pamwamba. Dayisi inagwanso pansi, n'kugubuduka mpaka pansi pa firiji. Panalibe amene anaseka. Borko anatsala lendelende, dzanja limodzi pachingwe.

A Wiesiek anadzuka, n'kuyamba kulimbana ndi jekete lawo. A Mirka atafuna kuwathandiza, anawakankha ndi phewa.

"Loweruka musandidikire," anatero ali pakhomo. "Chifundo ndikuchidya kale kunyumba, m'mawa ndi madzulo. Ndakhuta."

Sabata imeneyo a Lucjan anayenda nayo nkhaniyi m'tiramu. Kufewetsa lamulo kunali kumunyoza munthuyo. Kulisiya momwemo kunali kulola kuti Borko aphedwe ndi matenda a mwini wake. Panalinso ganizo lina, limene linkabwera akaima pa magetsi ofiira: a Wiesiek akaleka kubwera, masewera atha okha, Lachisanu munthu n'kumagona msanga. Ganizolo linali lokoma ndithu. Analola kuti liwaperekeze mpaka Lachinayi, kenako anaimba foni.

"Borko akadali pachingwe," anatero. "Ukapanda kubwera ndimuponyera ine, ndipo mwayi wanga ukuudziwa."

"Usamukhudze, mfiti iwe," anayankha a Wiesiek, n'kudula.

Loweruka a Wiesiek anabwera. Pakati pa tebulo anapezapo dilowa ya kabati, masipuni ndi mafoloko ake ataunjikidwa pawindo.

"Lamulo latsopano," anatero a Lucjan akuthira tiyi. "Aliyense aziponyera m'menemu, ine ndemwe. Mayi Kubicka a pansipa adandaula phokoso."

"Mayi Kubicka ake ati?" anafunsa a Mirka. "Ogontha aja, oti ngakhale belu la pakhomo pawo salimva?"

"Omwewo."

A Wiesiek anayang'ana dilowa, n'kuyang'ana mnzawo. "Wakalamba ukupeka nkhani, koma kunama sunakudziwebe. Nanga yogwa pansi?"

"Ndi wani, ngati kale."

"Chabwino. Bweretsa."

Dzanja linanjenjemera. Dayisi inagunda khoma la dilowa, n'kubwerera, n'kuima pakati. Onse atatu anaweramira momwemo. Inaonetsa thuu.

A Lucjan anayang'ana nambalayo nthawi yaitali. Pa tebulo lopanda katoni panalibe pobisa chilichonse. Anaika kapu pansi, n'kuyamba kumasulira. Ananena za zala zimene zinagwira nyundo moyo wonse, mmene zinamasukira chimodzichimodzi, za mphepo ya m'phompho, za mnzake wa pamlatho, munthu wa a Mirka, amene anakuwa dzina lake, ndi za osula zitsulo a m'chigwa amene anazimitsa moto wawo tsiku limenelo. Sanafulumire. Atamaliza, a Mirka ankafufuza kansalu m'chikwama.

A Wiesiek mapewa anayamba kugwedezeka. Ankaseka.

"Thuu! Chitsiru cha munthu, kupulumuka zinjoka n'kukafera pachingwe! Koma wafa yekha ameneyu, Lucjan. Waona? Dayisi yake, pa tebulo." Anapukuta maso ndi dzanja labwinolo. "Ndipatse pepala latsopano. Ndikufuna woyendetsa chombo."

"Dziko langali lilibe nyanja."

"Ndiye uikemo. Uli ndi sabata yathunthu."

Atapita, a Lucjan anatsuka makapu, n'kukhala pansi akusisita msana. Masipuni anawasiya pawindo pomwepo, poti dilowa inali itapeza ntchito ina. Kenako anausa moyo, n'kudzuka kukafunafuna pensulo ya buluu.