Mapeto anapita ndi mtedza

Mabuku onse amene ndimawakonda ndinawawerenga mothamanga, amayi ali pambuyo panga akung'amba masamba. Amayi amagulitsa mtedza wokazinga ndi maputi, chimanga chophulitsa chija, kuno ku Epworth, pafupi ndi pamene makombi, timabasi tonyamula anthu, amatembenukira. Mtedza suthiridwa m'manja mwa munthu, umafuna pepala. Amayi amang'amba tsamba limodzi, kulipinda ngati nyanga, kuthiramo mtedza, basi wogula wapita nalo.

Mapepalawo ankabwera nawo ndi malume anga, amene amagwira ntchito ku Msasa pamalo pogayira mapepala akale. Kumeneko buku likafika amayamba alichotsa chikuto, chifukwa katoni ili ndi mulu wake. Choncho mabuku ankafika kwathu ali maliseche, opanda dzina, opanda wolemba. Musandifunse kuti analemba ndani. Sindikudziwa, ndipo ambiri amene amafunsa funso limeneli sakhala atawerenga kanthu. Ine ndinkawapatsa mayina angaanga: la mowa, la opalasa, la njerwa.

Sukulu ndinalekeza Fomu 3. Sindinatenge mimba ndipo sindinali mbuli, ngakhale anthu a mumzere wa nyumba zathu anasankha okha chimene ankafuna kukhulupirira. Ndilibe chitupa chosonyeza kuti ndinabadwa. Agogo anga anachokera ku Malawi wapansi, amayi anabadwira pafamu, ine ndinabadwira m'chipinda chimene ndimagonamo mpaka lero, koma kuofesi amati umboni palibe. Popanda pepalalo sakanandilembetsa mayeso. Ndinaona kuti kutenthetsa desiki chaka china n'kumadikira mayeso oti sindidzalemba n'kupusa, ndinangonyamula chikwama changa n'kutuluka. Chimene ndinatulukamo nacho ndi Chingerezi chokwanira kuwerengera buku.

Tinapangana ndi amayi. Iwo azing'amba kuyambira kutsogolo, masamba amene ndawerenga kale, ine ndiziika kansalu pamene ndalekeza. Kansalu kanali malire. Malonda akayenda bwino ndinkawerenga ngati wothamangitsidwa ndi galu. Mvula ikagwa anthu n'kusowa pamsewu, ndinkapeza mpata wobwereza tsamba limene landikoma.

Mabuku a chikondi ndinkawapereka osawatsegula n'komwe, amenewo mtedza unkawayenera. A apolisi ndi akuba chimodzimodzi. Amene ndinkabisa pansi pa tebulo anali a nkhani zakalekale, za nthawi imene kunalibe galimoto kapena mfuti. Osati onse. Ena ankangokamba za mafumu, mfumu yakwiya, mfumu yakwatira, mfumu yapha m'bale wake. Ine ndilibe nthawi ya anthu amene sanatungepo madzi.

La mowa linali la mayi wina wa ku Iguputo amene ankafulula mowa wa amuna osema miyala. Wolemba wake ankadziwa kuti ntchentche zimagwera mumtsuko, ankadziwanso kuti msana wa munthu wosefa mowa umayamba kuwawa pati. M'buku lonse Farao anangodutsa kamodzi, patali, m'ngalawa yokongoletsedwa, anthu onse akuthamangira kumtsinje. Mayiyo sanadzutse mutu chifukwa mphika unali pafupi kusefukira. Tsamba limenelo ndinalibwereza mpaka amayi anachita kundilanda.

La opalasa linali la amuna a ku Girisi amene ankapalasa ngalawa ya nkhondo atakhala m'munsi mwenimweni. Nkhondo yaikulu imene anthu ankaiimbira nyimbo iwo sanaione. Ankangoona msana wa mnzawo wa kutsogolo, kumva matabwa akusweka, ndi kupirira fungo la amene akhala pamwamba pawo. Aliyense amene anakhalapo pampando wakumbuyo wa kombi mwezi wa Okutobala akhoza kulimva buku limenelo popanda womumasulira.

Koma la njerwa ndi limene linandikola kuposa onse. Linali la ku Babulo, mzinda umene kutchalitchi amangoutchula akafuna kutiopseza. Munali bambo wina woumba njerwa, amene agogo ake anabwera nawo kuchokera kumapiri atagwidwa pankhondo. Iye anabadwira mumzindamo, ankayankhula ngati eni ake, ndipo makoma ambiri anali a njerwa za manja ake. Pa njerwa iliyonse ankadinda chala chake chachikulu pakona, pamene akapitawo sakanaona. Koma dzina lake silinalembedwe m'kaundula wa mzinda, ndipo kalelo ankalemba ndi kabango pa timapale ta dongo lonyowa. Popanda kaphale kake, tsiku limene akanamwalira nyumba ikanalandidwa, mwana wake wamkazi n'kutsala panja. Ankapita kwa mlembi n'kuuzidwa kuti abwere mawa. Mawa lake ankati abwere ndi mboni. Atabwera nayo anati mboniyo nayonso sinalembedwe. Poyamba ndinaseka mokweza mpaka wogula wina anatembenuka. Kenako kuseka kunatha. Ndinkangofuna kudziwa chinthu chimodzi: anamulemba kapena ayi?

Loweruka lina madzi anatha m'nyumba. Ndinanyamula zigubu kupita kumjigo, umene kuno timati chibhorani, buku ndinalisiya pansi pa tebulo. Mzere unali wautali, ndinabwerako dzuwa litapendeka. Tsiku limenelo mapositori, a mpingo wopemphera panja aja, anali ndi msonkhano kumiyala, ndipo pobwerera anasesa mtedza wonse. Nditatenga buku ndinamva kupepuka m'manja.

"Amayi, buku langa laonda bwanji?"

"Anthu anachuluka," anatero akupukuta beseni. "Masamba ako owerenga aja anatha. Ndinaona kansalu kako, ndiye ndinati ndisamusokoneze mwana pamene ali. Ndang'amba kumbuyo."

"Kumbuyo ndiye kumapeto!"

"Nanga unali utafikako? Chinthu choti sunachione chikupweteka bwanji?"

"Amayi, mwagulitsa mapeto a nkhani."

"Ine ndagulitsa mtedza. Mapeto ndakupatsa ine pano: akwatirana kapena afa. Nkhani zonse zimathera pamenepo. Lowetsa madziwo m'nyumba."

Anachita zimenezi pondikomera mtima, ndipo n'zimene zinandipsetsa mtima kwambiri, chifukwa ndinasowa womukalipira. Masamba khumi ndi awiri anali atapita. Ndinatsata msewu wa mapositori ndikuyang'ana m'ngalande ngati wamisala. Ndinatola awiri onyowa mafuta, a nkhani ya pambali imene sinandithandize kanthu. Lina ndinalipeza lili m'kamwa mwa mbuzi. Mwamuna wina pashedi yometera tsitsi anali atapichirira fodya theka la tsamba, ndipo nditamupempha theka lotsalalo anafunsa ngati ndine wokwatiwa.

Lamlungu sindinayankhule ndi munthu. Pochokera kutchalitchi amayi anatopa nayo nkhope yanga.

"Pita kwa agogo a mpanda wa malata aja, kuseri kwa chigayo," anatero. "Amagula mtedza tsiku ndi tsiku, chonsecho m'kamwa mulibe dzino ndi limodzi lomwe. Amachita kusankha pepala, ati lokhala ndi zilembo mbali zonse. Dzulo anabwera katatu."

Agogowo ndinkangowadziwa ndi maso. Anali a kwathu ku Malawi, anaumba njerwa zaka zambiri, ndipo msana utakana anakakhala mlonda ku Msasa mpaka kupuma. Ndinawapeza pakhonde akusoka nsapato. Mwachizolowezi ndinawapatsa moni m'Chishona, chiyankhulo cha kuno.

"Mwana wa amayi a mtedza kundilonjera ngati wabwera kudzandilanda nyumba?" anatero. "Tayambiranso."

"Mwaswera bwanji, agogo?"

"Eya. Ndaswera. Khala pansi."

Ndinawafotokozera mwachidule. Sanadabwe. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi chitini cha mabisiketi chodzaza masamba, onse owongoledwa bwinobwino. Anati akafika kunyumba mtedza amausinja kuti athire m'ndiwo, pepala amalitsendereza ndi njerwa mpaka liwongoke. Chingerezi anachiphunzira paulonda, powerenga manyuzipepala otayidwa. Kwa miyezi yonseyi ankawerenga mabuku anga pambuyo panga, tsamba limodzi apa, lina apo, osadziwa kuti buku lina latha, lina layamba.

"Koma pali chimene chimandivuta," anatero. "Mkazi wake uja wofulula mowa anapita kuti? Sakumutchulanso."

"Agogo, ameneyo ndi wa buku lina. Dziko linanso."

"Ohoo. N'chifukwa chake sakumana." Anapukusa mutu. "Akanayenerana komabe. Onse ndi olimbikira ntchito."

Ndinalibe mtima woseka. Ndinakhuthula chitini n'kuyamba kusanja manambala. A dzulo anali anayi, atatu ogula ndi limodzi limene anatola pageti. Limodzi mwa iwo linali lachiwiri kuchokera kumapeto. Ndinayamba kuliwerenga pomwepo.

Patsambalo woumba njerwa anali atabwereranso kwa mlembi, ulendo uno ndi kapitawo wokalamba amene maso ake anali atachita khungu koma dzina lake linali m'kaundula. Kapitawoyo anapapasa khoma la nyumba ya mlembi yomweyo, napeza chidindo cha chala pakona ya njerwa, nanena kuti munthu uyu amamudziwa kuyambira ali mwana woponda dothi. Mlembi anayang'ana chidindocho. Kenako anaitanitsa madzi, anawaza pa dongo, analikanda m'manja, analiphwathalitsa, nafunsa dzina la bambo ake a woumbayo. Tsamba linathera pomwepo. Lomaliza munalibe m'chitini.

Tsamba limene ndinawerengalo ndinaliponya pansi. "Sanamulembe."

"Watero ndani?" anafunsa agogo.

"Ndikuwadziwa anthu a m'maofesi. Amufunsa dzina la bambo ake kuti amuuze kuti bambo akewo sakupezeka. Ine mlembi wina ananditsegulirapo cholembera, n'kuchigwira chonchi, kenako n'kundiuza kuti yakwana nthawi ya tiyi."

"Cholembera si dongo, mdzukulu."

"N'chimodzimodzi. Mlembi ndi mlembi."

"Iwe ukudziwa alembi, ine ndikudziwa dothi. Tamvera." Anaika nsapato pambali. "Cholembera ukhoza kuchitseka n'kuchibweza m'thumba. Dongo ukalinyowetsa n'kulikanda, lakulamula. Dziko lotentha ngati limenelo, ukangozengereza limachita khungu pamwamba, kabango sikalowanso bwino. Zaka zonse zimene ndinaumba njerwa sindinaonepo munthu akuponda dothi kuti azingoliyang'ana. Akanafuna kumuthamangitsa sakanadetsa manja ake."

"Imeneyo ndi nkhani yopeka, agogo. Wolemba akhoza kuchita chimene akufuna."

"Ena. Osati uyu." Anafufuza m'chitini n'kutulutsa tsamba lakale, limene ine ndinaliwerenga masabata apitawo osaliganizira. "Ona apa. Akuti udzu umathiridwa dothi litagona kale m'madzi, osati usanalinyowetse. Akuti wodziwa amayesa ndi chidendene, osati ndi dzanja. Akuti njerwa ya m'mawa ndi ya masana siziuma mofanana. Zimenezi sungazimve kwa munthu wongodutsa. Kaya anaumbapo yekha, kaya anakhala pansi ndi oumba mpaka anamva. Munthu ameneyu sananame za dothi ngakhale kamodzi. Ayambe kunama tsamba lomaliza?"

Ndinafuna kuwayankha mwamwano, chifukwa zimenezo ndiye ndimatha. Koma ndinayang'ana tsamba limene anandionetsalo. Ine ndinkakonda bukulo chifukwa linkadziwa mmene mtima umachitira ukauzidwa kuti ubwere mawa. Sindinadziwe kuti linkadziwanso za chidendene. Wolemba wosadziwikayo anali atagwira ntchito yake mosamala mpaka m'malo amene ine ndinkangodumpha, ndipo nkhalamba yowerenga tsamba limodzi mwa asanu inaona zimene ine wowerenga onse sindinaone.

Ndinatola tsamba lija, ndinalipukuta fumbi, n'kuliwerenganso pang'onopang'ono ndikufunafuna pamene wolemba anasiya khomo loti mlembi athawirepo. Sindinalipeze. M'malo mwake ndinapeza mzere umene ndinaudumpha chifukwa cha liwiro: asanafunse dzina lija, mlembi anasuntha mpando wake kuchoka padzuwa kupita pamthunzi, dongo lili m'manja.

Ndinawawerengera agogo mzerewo. Anaseka mpaka nkhama zonse kuonekera.

"Akuliteteza kuti lisaume," anatero. "Nanga pamenepa ukuti bwanji?"

"Anamulemba," ndinatero. Mawuwo anatuluka movuta, ngati ndikuvomera mlandu.

"Anamulemba. Tsopano katenge zotsalazo amayi ako asanakazinge mtedza wina. Undiyambire poyambirira penipeni, za m'masamba amene anapita uzinena za pamtima, m'Chichewa, mosathamanga. Chishona chako uchisiye pageti."